Kasinja wa pa Tebulo: Yezani Kaye Musanamate

Nawa mawu amene mnzathu wa gulu la zaluso analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba monga anawalankhulira kuti amene simunabwere musatsalire.

Andipatsa mphindi zochepa kuti ndifotokoze ntchito imene gulu lathu la zaluso lasankha kukaonetsa pa tsiku la makolo, yomwe ndi kupanga kasinja wamng'ono wa pa tebulo, wofanana ndendende ndi kasinja weniweni wa nkhondo wa masiku ano. Tatsala ndi masabata asanu ndi atatu. Mmene thumba la kalabu lilili mukudziwa nonse, a msungichuma angofotokoza kumene. Kunja kuli mabokosi a tizidutswa ta pulasitiki topangiratu timene munthu amangolumikiza, koma mukaphatikiza mtengo wake ndi wotumizira, ifeyo sitingakwanitse. Ndiye funso ndi ili: kodi ndi makatoni, mawaya ndi guluu tingapange chinthu chimene munthu wodziwa akasinja angachione n'kutchula dzina lake ndi chaka chake? Ine ndikuti tingathe, bola tisunge malamulo awiri. Osamata kanthu musanayeze. Osamata kanthu kamene simukudziwa ntchito yake.

Ambirife tinakulira magalimoto a mawaya, ndipo luso limenelo lisanyozedwe, chifukwa ndi limene linaphunzitsa zala zathu kupinda ndi kumanga. Koma galimoto ya mawaya timaipanga ndi maso, bola iziyenda. Wilo likakula pang'ono palibe amadandaula. Chimene tikupanga pano ndi china. Ndi chifaniziro, ndipo chifaniziro chili ngati mboni m'khoti: chikanama pa kanthu kamodzi, anthu amayamba kukayikira zonse. Makolo ena akuti ntchitoyi ndi yachibwana, anyamata ndi atsikana a ndevu ndi zitenje kumaseweretsa makatoni. Yankho lathu lisakhale la pakamwa. Likhale pa tebulo tsiku limenelo.

Choyamba, sankhani kasinja mmodzi. Kunena kuti "ndikupanga kasinja" kuli ngati kunena kuti "ndikujambula galimoto" osatchula ngati ndi lole kapena minibasi. Ife tasankha M1 Abrams wa ku America, amene anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1980, ndipo anamutcha dzina la mkulu wa asilikali Creighton Abrams. Koma ngakhale kutchula Abrams sikokwanira, chifukwa alipo angapo. Oyambirira anali ndi mzinga wa mamilimita 105. Mtundu wa M1A1, umene unayamba kutuluka mu 1985, uli ndi mzinga wokulirapo wa mamilimita 120. Kenako kunabwera M1A2, amene pa denga la mutu wake, chakumanzere, pali kachipangizo kooneka ngati chitini choimirira kamene mkulu wa kasinja amaonera kutali ngakhale usiku. Pa M1A1 malo amenewo pamangokhala chivindikiro chozungulira chafulati. Mukaika kachitiniko pa M1A1 mwasakaniza akasinja awiri, ndipo wodziwa adzaona ali pakhomo.

Wathu ndi M1A1 monga ankaonekera m'chipululu cha Kuwait ndi Iraq pa nkhondo ya mu 1991. Zifukwa zake ndi zitatu. Thupi ndi mutu wake ndi zitsulo zafulati zolumikizidwa m'makona, zimene katoni imatsanzira mosavuta. Yerekezani ndi T-72 wa ku Soviet Union, amene mutu wake ndi woulungika ngati mphika wovundikira. Umenewo ndi katoni mungalire. Chachiwiri, utoto wake ndi umodzi, wa mchenga. Chachitatu, zithunzi zake pa intaneti ndi zambiri. Muno mu Africa, dziko la Egypt lili ndi akasinja a mtundu womwewu, ndiye zithunzi zina muzipeza ndi za kumeneko. Chenjerani nazo, zizindikiro zake n'zosiyana ndi za asilikali a America.

Chachiwiri, sikelo. Apa ndi pamene masamu aja tinkawathawa ku sekondale akutipezanso. Paja mu Jogalafe tinkawerenga mapu a 1:50,000, sentimita imodzi pa pepala kuimira theka la kilomita pansi. N'chimodzimodzi. Ife tigwiritsa ntchito 1:35, sikelo imene opanga zifaniziro za akasinja ambiri padziko amatsata, ndipo inatchuka chifukwa cha kampani ya Tamiya ya ku Japan. Tanthauzo lake n'losavuta: muyeso uliwonse wa kasinja weniweni muugawe ndi 35.

Tiyeni tiwerengere limodzi, amene muli ndi foni tsegulani kakyuleta. Kuchokera kunsonga ya mzinga mpaka kumbuyo, M1A1 ndi wotalika pafupifupi mamita 9.8. Kugawa ndi 35 tikupeza pafupifupi masentimita 28, kutsala pang'ono kudzaza rula ya kusukulu ija ya masentimita 30. Thupi lokha popanda mzinga ndi mamita 7.93, kwa ife masentimita 22.7. M'lifupi ndi mamita 3.66, kwa ife masentimita 10.5. Msinkhu kufika pa denga la mutu ndi mamita 2.44, kwa ife masentimita 7. Mwaona? Ndi chinthu chachitali, chotambalala, koma chachifupi msinkhu. Ambiri tikamajambula kasinja m'mutu timamukweza ngati nyumba ya nsanjika, pamene weniweni amakhala ngati wanyonyomala, cholinga adani asamuone msanga. Msilikali wotalika mamita 1.75 amakhala masentimita 5 ndendende. Dulani kamunthu ka katoni ka msinkhu umenewo, kazikhala pa tebulo nthawi zonse. Chilichonse mwapanga muzichiimika pambali pake n'kudzifunsa: dzanja la munthu uyu lingagwire chogwirira chimenechi?

Sikelo imagwiranso ntchito mobwerera, ndipo apa ndi poopsa. Mukaphonya ndi milimita imodzi, pa kasinja weniweni mwaphonya ndi masentimita 3.5. Katoni yokhuthala mamilimita 5 ikuimira chitsulo cha masentimita 17.5, ndiye singakhale chitseko kapena chivindikiro cha bokosi la zida. Katoni yokhuthalayo ikhale ya mkati, ya mafupa. Kunja tikuta ndi katoni yopyapyala yosalala, monga ya mabokosi a sopo kapena a tiyi. Waya uja tinkapangira magalimoto, wa mamilimita 2, akuimira chitsulo cha masentimita 7. Mukamuika ngati eriyo ya wailesi, ndiye kuti kasinja wanu wanyamula mzati wa mpanda. Eriyo ikhale kawaya kamodzi kochokera m'kati mwa chingwe chakutha cha magetsi.

Nanga miyeso ya tizigawo ting'onoting'ono tiipeza kuti? Pa chithunzi. Pezani chithunzi chojambulidwa cham'mbali ndendende, wojambula ali patali, chifukwa chojambulidwa pafupi kapena chopendekeka chimanamiza. Yezani thupi la kasinja pa chithunzicho. Tinene kuti mwapeza masentimita 15. Gawani 22.7 ndi 15, mupeza 1.5 ndi kanyenyeswa. Basi, chilichonse mwayeza pa chithunzicho muzichulukitsa ndi nambala imeneyo. Wilo, chitseko, mpata wa pakati pa mawilo, zonse. Mipata ya mawiloyo muiyeze umodziumodzi, musangoganiza kuti ndi yofanana. Mukatero jambulani pa pepala la girafu maonekedwe atatu: cham'mbali, cha pamwamba ndi cha kutsogolo. Sabata yoyamba yonse ithere pa pepala, lezala isakhudze katoni. Ndikudziwa manja ayabwa, koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, kumanga. Tiyamba ndi thupi. Dulani pansi pake ndi mbali ziwiri, ikani nthiti zitatu kapena zinayi m'kati kuti bokosilo lisapindike. Musanapake guluu, lumikizani kaye zidutswazo ndi tepi n'kuona ngati zikukumana. Guluu wa matabwa, woyera uja, ndi wabwino pa katoni chifukwa amakupatsani mpata wosuntha. Supa guluu ndi wa tizitsulo ndi mawaya basi, ndipo akagwira wagwira.

Kenako mawilo, ndipo apa ndi pamene padzaoneke olimba mtima. Abrams ali ndi mawilo oyendera asanu ndi awiri mbali iliyonse. T-72 ali ndi asanu ndi limodzi, ndiye kuwerenga mawilo ndi njira yoyamba imene odziwa amasiyanitsira akasinja. Komanso wilo lililonse ndi awiri ophatikizana, lakunja ndi lamkati. Chifukwa chake n'chiyani? Pakati pa tcheni choyendera pali mano oimirira amene amadutsa mu mpata wa mawilo awiriwo, kuti tchenicho chisavuke kasinja akamakhota. Ndiye werengani: 7 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi mbali ziwiri, mawilo 28. Onjezani wilo lakutsogolo limene limakunga tcheni, ndi lakumbuyo la mano, longa la njinga, limene injini imazunguza. La manolo lili kumbuyo chifukwa injini ili kumbuyo. Zitsekerero za mabotolo iwalani, n'zazikulu kwambiri: chitsekerero chimafika pafupifupi masentimita 3, pamene wilo lathu silipitirira masentimita 2. Tidula timawilo ta katoni ndi kampasi ya masamu n'kusanjikiza, kapena kucheka chubu cha maka yakutha m'mapisi ofanana. Pomata, ikani kasinja pa galasi kapena pa tebulo losalala mpaka guluu aume, kuti mawilo onse agunde pansi. Chinthu cholemera matani pafupifupi 60 sichingakhale ndi wilo lolendewera m'malere.

Tcheni tipanga ndi kalamba ka katoni, n'kumatapo timapisi ta mphira wa chubu chakutha cha njinga, chifukwa tcheni chenicheni chili ndi zigamba za mphira zotetezera msewu. Nayi nkhani yabwino: Abrams ali ndi zitsulo zotchinga m'mbali, zonga siketi, zimene zimabisa tcheni cha pamwamba. Chosaoneka musataye nacho nthawi.

Tsopano mutu, gawo lija limazungulira. Apa ndi pamene lamulo lachiwiri likugwira ntchito, loti kanthu kalikonse kali ndi chifukwa chake. M'kati mwa kasinjayu mumakhala anthu anayi. Woyendetsa amakhala m'thupi, kutsogolo pakatikati, chogonera chagada chifukwa denga n'lotsika. Atatu ali m'mutu: mkulu wa kasinja ndi woombera kumanja, woika zipolopolo kumanzere. N'chifukwa chake pa denga pali zitseko ziwiri. Pa chitseko cha mkulu pali mfuti yaikulu ya mamilimita 12.7, pa cha woika zipolopolo pali yocheperapo ya mamilimita 7.62. Musazipange zofanana kukula.

Mpope wa mzinga si paipi wamba. Chapakati pake pali chotupa. Ntchito yake ndi kukoka utsi wa onga kuti utulukire kutsogolo akaombera, usabwerere m'kati n'kutsamwitsa anthu. Bowo la mpopewo kwa ife ndi mamilimita 3.4, ndiye chubu cha bolopeni chopyapyala chingathandize, chotupacho n'kuchipanga pokulunga pepala lopaka guluu. Gubuduzani mpopewo pa tebulo musanaumate. Ukamadumphadumpha ndiye kuti ndi wokhota, pezani wina. Mbali iliyonse ya mutu kuli timipope tisanu ndi kamodzi toponya mabomba a utsi obisalira. Kumbuyo kwa mutu kuli chitsulo chonga dengu mmene asilikali amaikamo zikwama, matenti ndi zigubu. Dengulo tipinda ndi mawaya opyapyala, pansi pake n'kuyala kachidutswa ka neti ya udzudzu yong'ambika imene inatha ntchito. Ndati yotha ntchito, musakadule imene mukugonamo. Zikwama ndi matenti tipanga ndi tishu yonyowetsa m'guluu wosungunula ndi madzi. Ikauma imakhala ndi makwinya ngati nsalu yeniyeni. Ndipo chikwama chilichonse chikhale ndi chingwe chochimangira. Katundu wongomatidwa pa khoma popanda chomugwira ndi ufiti, si sikelo.

Kumbuyo kwa thupi kuli zitsulo zamipatamipata zotulukira mpweya wotentha. Injini ya Abrams si ya mapisitoni ngati ya lole, ndi ya mtundu wofanana ndi wa helikopita, ndipo mpweya wake umatuluka wotentha kwambiri. Pamwamba pa thupi ndi mutu, malo amene asilikali amapondapo, anapakapo zokhakhala kuti asaterereke. Ife tipaka guluu wopyapyala n'kuwaza kamchenga kosefa ndi nsalu, koma m'malo okhawo amene chithunzi chikuonetsa.

Mlongo wathu wina anafunsa sabata yatha kuti, ife anthu okonda mtendere, bwanji tikupanga chida chophera anthu? Funsolo ndi labwino ndipo sindilizemba. Yang'anani pa denga la mutu, chakumbuyo. Pali zivindikiro zafulati zimene tidzadule ndi katoni yopyapyala. Pansi pake ndi posungira zipolopolo za mzinga, ndipo pakati pa chipindacho ndi anthu pali chitseko chachitsulo. Zivindikirozo anazipanga kuti zipolopolo zikagwira moto, ziphulikire kumwamba, moto usalowe mmene muli anthu. Amene anakonza zimenezi ankadziwa kuti m'akasinja anthu amapsa. Munthu amene wadula kachivindikiro kameneko akudziwa ntchito yake sangaonenso nkhondo ngati filimu ya m'vidiyo sho. Amadziwa kuti m'katimo muli anthu anayi, ena a msinkhu wathu womwewu, ndipo kutsogolo kwa mzingawo kulinso ana a eni. Pa tebulo lathu tidzaika kapepala kofotokoza zimenezi, kuti ana odzaona asangoti "eee, kukongola" n'kudutsa.

Chachinayi, penti. Katoni imamwa madzi n'kupindika, ndiye yambani mwaipaka guluu wa matabwa wosungunula, kawiri, n'kuisiya iume bwinobwino. Mipata ya m'makona tsekani ndi guluu wosakaniza ndi fumbi la choko, kenako kwechani ndi sandipepala yosalala. Utoto wa mchenga tisakaniza tokha: penti yoyera ya madzi, yachikasu pang'ono, yabulawuni kadontho. Yesani pa kachidutswa kapadera, kaume, mukafanizire ndi chithunzi panja pa dzuwa, osati m'nyumba. Penti ya akasinja siwala, ndiye ya mafuta yonyezimira ija ya zitseko ayi. Pakani mopyapyala katatu kusiyana n'kuthira kamodzi mokhuthala, chifukwa penti yokhuthala imakwirira tonse tija mwavutika nato. Pomaliza chizindikiro: pa nkhondo ya 1991 magalimoto a mayiko ogwirizana ndi America ankajambulidwa chilembo cha V chozondoka m'mbali, kuti asaomberane okhaokha. Chimenecho ndicho chidzauze woona chaka cha kasinja wathu.

Chachisanu, kumudetsa. Kasinja wongotuluka mu penti amaoneka ngati chidole cha m'sitolo. Weniweni amakhala ndi fumbi, ndipo fumbi limayambira pansi kukwera m'mwamba: lambiri pa mawilo ndi pa siketi, lochepa pa mutu. Perani choko choyera ndi chachikasu, onjezani phulusa pang'ono, pakani ndi bulashi youma. Koma tamverani, musatape dothi la katondo kuseri kwa holo ino. Lathuli ndi lofiira, pamene mchenga wa ku Kuwait ndi wotuwa. Kasinja wa m'chipululu atavala fumbi la kwathu kuno ndi bodza lina. Dzimbiri nalonso musachulutse. Uyu si galimoto yofera pa galaja zaka khumi, ndi chida chimene asilikali amachisamala tsiku ndi tsiku, ndipo mawilo ake ndi a aluminiyamu, sachita dzimbiri lofiira. Pamene chitsulo chimakhulana ndi chinzake, monga pa mano a wilo lakumbuyo, pakani pensulo kuti pawale pang'ono. M'mizere ndi m'makona lowetsani penti yabulawuni yosungunula kwambiri kuti tizigawo tioneke. Mukaona kuti mwina pakufunika kuonjezera, imani pomwepo, mudzayang'anenso mawa.

Za chitetezo, mawu awiri. Lezala izidula molowera kutali ndi chala, ndipo ana a pulayimale amene amabwera kudzaonerera asaigwire. Supa guluu mugwiritse ntchito pa khonde, osati m'chipinda chotseka, ndipo asayandikire m'maso.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye tagawana chonchi. Gulu loyamba ndi la miyeso ndi zojambula, ndipo palibe chidutswa chidzamatidwe iwo asanachiyeze n'kuvomereza. Lachiwiri ndi la thupi ndi mutu. Lachitatu ndi la mawilo ndi matcheni, ndipo limeneli likufuna anthu ambiri, paja 28 aja. Lachinayi ndi la tizigawo ndi penti. Atsikana, musadzipatule n'kumati izi n'za anyamata. Amene amatha kulowetsa ulusi pa singano ndi kudula nsalu motsata muyeso ali kale patsogolo pa ena a ife. Ndipo amene mukuganiza zopita ku sukulu za ntchito zamanja, kaya ukalipentala, kuwotcherera kapena zomangamanga, dziwani kuti kuwerenga chojambula ndi kusandutsa muyeso wa pa pepala kukhala chinthu chogwirika ndi ntchito imene mukakumane nayo kumeneko.

Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi rula, pensulo yosongoka, ndi chimodzi mwa izi: mabokosi a sopo kapena tiyi, chubu chakutha cha njinga, chingwe chakutha cha magetsi, maka kapena bolopeni zotha inki. Amene muli ndi bandulo, tsitsani zithunzi zitatu za M1A1 wa mu 1991, cham'mbali, cha kutsogolo ndi cha pamwamba, mutumize pa gulu lathu la WhatsApp kuti tisankhe limodzi. Guluu musabwere naye. Sabata imeneyo ndi ya rula yokha.

Ngati pali mafunso, ndilipo.